Ufa Woyera ndi Mutu wa Mphwanga: Kalata kwa Achemwali

Achemwali,

Kuno ku Manchester tilipo, kungoti dzuwa layamba kulowa msanga. Funso munandifunsa lija silingathe pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe bwinobwino. Ndalolanso kuti kalatayi iwerengedwe ndi ena, poti si nyumba yathu yokha imene ili ndi mnyamata wakabaza amene anagwa ndi njinga n'kumenyetsa mutu pamsewu. Dzina la mphwanga sindilitchula. Inu ndi ine tikumudziwa, zakwana.

Mwati anzake a ku jimu amuuza kuti ufa wa creatine umabwezeretsa ubongo m'chimake, ndipo mwafunsa ngati ndingamugulire. Ndimugulira. Koma monga malume ake, komanso monga namwino amene amakhalira kusamalira anthu ovulala m'mutu, ndikufuna mudziwe bwino chimene chikubweracho, kuti musachisenzetse katundu amene sichingathe kunyamula.

Mantha aja chotsani. Creatine si mankhwala ozunguza bongo, si ma steroid aja amene amatupitsa anyamata zifuwa n'kuwawonongera chiwindi. Ndi chinthu chimene inu ndi ine tili nacho kale m'thupi. Impso ndi chiwindi zimapanga pafupifupi galamu imodzi tsiku lililonse, ndipo munthu amene amadya nyama ndi nsomba kawirikawiri amapeza ina yofanana ndi imeneyo m'ndiwo zake. Mu nyemba, soya ndi masamba mulibe wokwanira kuwerenga. Woyamba kumupeza anali katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, amene anamutulutsa mu nyama m'chaka cha 1832. Kwa nthawi yaitali inali nkhani ya akatswiri okhaokha. Inafika kwa anthu wamba mu 1992, chaka chimene Roger Harris ndi anzake ku Sweden anaonetsa kuti munthu akamamwa ufawu, creatine amachulukadi m'minofu yake, ndipo chaka chomwecho kunamveka kuti othamanga ena a ku Britain amene anapambana pa mpikisano wa Olympics ku Barcelona ankaugwiritsa ntchito. Bungwe la WADA, lomwe limaletsa mankhwala obera pa masewera, siliuletsa.

Ntchito yake ndi iyi. Kalikonse kamene thupi likuchita, kaya kunyamula thumba la chimanga kaya kukumbukira dzina la munthu, kamayendera mphamvu yotchedwa ATP imene maselo amapanga kuchokera ku chakudya ndi mpweya. Vuto ndi loti selo silisunga ATP wambiri. Amene lili naye amatha m'masekondi ochepa ntchito ikakula. Ndiye thupi limamangirira mphamvu ina pa creatine n'kuiika pambali, kuti ATP akaperewera mwadzidzidzi abwezeretsedwe nthawi yomweyo. Zili ngati ndowa imene mumasunga yodzaza kuseri kwa chitseko. Mpopi ukauma muli mkati mophika, simuthamangira kumjigo, mumangotunga pomwepo kufikira madzi atabwera. Ndowayo singalowe m'malo mwa mpopi, koma imapulumutsa nsima imene ili pamoto.

Tsono ubongo ndi chiwalo chadyera. Kulemera kwake ndi magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi, koma umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse, munthu atangokhala phee. Mutu ukamenyetseka, ubongo umagwedezeka m'chigaza, timitsempha take timakokeka, ndipo maselo amayamba kuchucha: potassium amene amayenera kukhala mkati amatuluka, sodium ndi calcium n'kulowa. Kuti zonsezi zibwerere m'malo mwake pamafunika mphamvu zochuluka zedi, pa nthawi yomwe magazi opita ku ubongo achepa ndipo tizigawo ta m'selo topanga mphamvu tafooka. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya UCLA ku America, Christopher Giza ndi David Hovda, anafotokoza bwino zimenezi mu 2001, ndipo ndi mmene timaphunzitsidwira mpaka pano: ubongo wovulala umakhala ukufuna mphamvu zambiri kuposa zimene ukupeza, kwa masiku kapena milungu. Kutopa kwa mphwanga kuja, koti akacheza ola limodzi afuna kukagona, gwero lake lina ndi limeneli. Si ulesi.

Mukaphatikiza ziwirizi muona kuti anyamata a ku jimu aja sakulota. Ngati ubongo ukuperewera mphamvu, ndipo creatine amasunga mphamvu, bwanji osamuwonjezera? Tikudziwanso ndithu kuti ubongo sungagwire bwino ntchito popanda iye, chifukwa pali ana amene amabadwa matupi awo osatha kumupanga. Ana otere amachedwa kulankhula, amavutika kuphunzira, ena amagwa khunyu. Madokotala a ku Göttingen ku Germany anazindikira nthendayi koyamba mu 1994, ndipo ana ambiri otere akapatsidwa ufawu adakali aang'ono amasinthiratu.

Chovuta ndi choti ubongo wa munthu wamba sulandira alendo mwachisawawa. Pafupifupi magawo 95 pa 100 a creatine yense wa m'thupi amakhala m'minofu. Ubongo umapangako wakewake pang'ono, ndipo pakati pa iwo ndi magazi pali chotchinga chimene chimalola wochepa kwambiri kudutsa. Ku Göttingen komweko, mu 1999, anthu athanzi anamwa magalamu 20 tsiku lililonse kwa milungu 4, atawajambula anapeza kuti creatine wa mu ubongo wawo wakwera ndi pafupifupi magawo 9 okha pa 100. Magalamu 20 ndi ambiri, Achemwali. Kilogalamu yathunthu ya nyama ya ng'ombe yaiwisi imakhala ndi magalamu 4 kapena 5 basi.

Nanga umboni woti amathandiza ovulala m'mutu uli pati? Woyamba unachokera ku mbewa ndi makoswe, zoyera zowetedwa m'nyumba zofufuzira, osati zathu zokumba kumunda zija. Mu 2000, Patrick Sullivan ndi anzake pa yunivesite ya Kentucky anapatsa nyamazi creatine, kenako n'kuzivulaza dala mu ubongo. Malo owonongeka anachepa ndi magawo ofika 36 pa 100 mwa mbewa, ndi 50 pa 100 mwa makoswe. Ziwerengero zimenezi ndi zomwe zimazungulira pa TikTok. Chimene sanena ndi ndondomeko yake: ufa unayamba, kuvulala n'kubwera pambuyo. Nyamazo zinakumana ndi ngozi zitadzaza kale. Mphwanga akuyamba kumwa ngozi itachitika kale, ndipo limenelo ndi funso lina.

Kafukufuku wa anthu amene aliyense amamutchula anachitikira ku Heraklion, pachilumba cha Crete ku Greece, motsogoleredwa ndi dokotala George Sakellaris, ndipo anasindikizidwa mu 2006. Anatenga ana ndi achinyamata 39 a zaka zoyambira 1 mpaka 18 amene anavulala kwambiri m'mutu, n'kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu limodzi linkapatsidwa creatine, magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Olandira ufawo anachoka msanga pa makina opumira, anatuluka msanga m'chipinda cha odwala mwakayakaya, nzeru zinawabwerera msanga, ndipo analankhula ndi kuyenda bwino kuposa anzawo. Mu 2008 gulu lomwelo linanenanso kuti kupweteka kwa mutu, chizungulire ndi kutopa zinali zochepa mwa iwo. Nkhani yokoma, ndipo ine sindiipeputsa. Koma ana 39 ndi ochepa. Ana awiri kapena atatu okha amene anavulala mopepukirapo atagwera mbali imodzi, zotsatira zonse zimapendekeka. Chinanso, makolo ndi madokotala ankadziwa mwana amene akulandira ndi amene sakulandira. Inu ndinu mayi, mukudziwa mmene mungayankhire atakufunsani ngati mwana wanu akupezako bwino, mukudziwa kuti ndi iye akumwa mankhwala atsopano.

Mwina muganiza kuti ndikuuma mtima. Ayi, ndi mbiri ya ntchito yathu imene inatiphunzitsa kukayika. Kwa zaka zoposa 30 madokotala ankabaya anthu ovulala m'mutu mankhwala a corticosteroid kuti ubongo usatupe. Zinali zomveka ndithu, ndipo madokotala odziwa ntchito ankazikhulupirira. Kenako kunabwera kafukufuku wa CRASH, woyendetsedwa ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, amene anatenga odwala 10,008 m'maiko 49. Zotsatira zitatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti pakutha pa milungu iwiri, anthu 21 pa 100 alionse amene analandira mankhwalawo anali atamwalira, pomwe mwa olandira jakisoni wopanda mankhwala anamwalira 18 pa 100. Chithandizo chimene chinkaperekedwa ndi mtima wabwino chinkawonjezera maliro. Pambuyo pake chiyembekezo chinapita pa progesterone, homoni imene imachuluka mwa mayi woyembekezera. Mwa makoswe inagwira ntchito modabwitsa, m'timagulu tating'ono ta odwala inaonekanso yabwino, koma mu 2014 makafukufuku awiri akuluakulu anapeza kuti palibe chimene ikusintha. Creatine yemweyu anayesedwapo motero pa nthenda ya Parkinson, yonjenjemeretsa manja ija: odwala 1,741, magalamu 10 patsiku, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane chifukwa panalibe phindu looneka. Creatine sanavulaze anthu monga anachitira ma corticosteroid, ndipo kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Koma pa nkhani ya kuvulala m'mutu, iye akadali pamene progesterone inali isanayesedwe pa khamu la anthu.

Za anthu athanzi ofuna kunola nzeru sinditayapo nthawi. Ku Sydney mu 2003, Caroline Rae anapeza kuti achinyamata 45 osadya nyama anakumbukira bwino manambala atamwa magalamu 5 patsiku kwa milungu 6. Ku Germany mu 2023 anayesa zofanana pa anthu 123, kusintha kunali kochepa moti sanathe kukutsimikiza. Mu 2024 ku Jülich, anthu 15 amene anawachezetsa usiku osagona anaganiza mwachangu atamwa muyezo waukulu kamodzi. Zikuoneka kuti ufawu umaonekera bwino pamene ubongo wapanikizika, osati pamene zonse zili bwino. Chaka chomwecho cha 2024, bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linaunika umboni wonse n'kunena kuti sukukwanira kuti ogulitsa azilemba pachitini kuti creatine amawonjezera nzeru. Za mphamvu ya minofu analola kalekale, pa magalamu 3 patsiku.

Ndiye ndikumuguliranji? Chifukwa kwa munthu wa impso zabwino chiopsezo chake n'chochepa, ndipo ufawu wafufuzidwa kwa zaka zoposa 30. Chifukwa mphwanga waonda ndipo miyendo yafooka ndi kugona, ndipo pa kubwezeretsa minofu pamodzi ndi mafizo, creatine ali ndi umboni weniweni. Chifukwa nyama pakhomo pathu si ya tsiku lililonse. Ndipo, kunena mosabisa, chifukwa ndikudziwa mwana wa mlongo wanga: ndikakana, akagula chitini chosadziwika kwa munthu wa pamsika, chosakaniza ndi zinthu zoti palibe angazitchule. Ngati ubongo upindulako, tidzathokoza. Ngati ayi, sitinataye zambiri.

Chimene nditumize chalembedwa creatine monohydrate, popanda china chilichonse, ndipo chili ndi chizindikiro cha Informed Sport, kutanthauza kuti chinapimidwa ngati mulibe mankhwala oletsedwa. Zitini zamitundumitundu zolembedwa pre-workout asazikhudze. Zimadzaza ndi caffeine amene adzamulanda tulo ndi kumuwonjezera mutu. Muyezo ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku, kasupuni kamene kali m'chitinimo, kusungunula m'madzi kapena m'phala n'kumwa nthawi yomweyo, osasunga zosungunula kufikira mawa. Muyezo wa ku Greece uja, kwa munthu wa makilogalamu 60, ungakhale magalamu 24 patsiku. Umenewo asauyese payekha. Ana aja ankayang'aniridwa ndi madokotala, ndipo muyezo waukulu umatsegula m'mimba. Sikelo ikakwera ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'milungu yoyamba musadabwe, ndi madzi amene minofu yasunga.

Koma chitinicho chisatsegulidwe dokotala wake asanavomere. Safunsa anadya phula. Chifukwa chake chenicheni ndi impso. Creatine akagwira ntchito amasanduka creatinine, ndipo creatinine ndi amene achipatala amayeza m'magazi pofuna kudziwa ngati impso zikusefa bwino. Munthu womwa ufawu akhoza kuoneka ngati impso zake zadwala pamene zili bwinobwino, ndipo dokotala wosauzidwa akhoza kumusinthira mankhwala pachabe. Choncho apimidwe asanayambe, ndipo zilembedwe m'buku lake lakuchipatala. Kwa ena owerenga kalatayi: ngati muli ndi vuto la impso, shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir amene nawonso amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa, nkhani ya kufunsa dokotalayi si yamwambo chabe.

Tsopano ndifike pa zimene zikundidetsa nkhawa kuposa ufa. Mwandiuza kuti wasintha, amakalipa pa zinthu zazing'ono, anakuyankhani mwano pamaso pa anthu, ndipo ena ayamba kunong'ona kuti wayamba chamba kapena pali amene anamuchita chipongwe. Achemwali, mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi ndi imene imagwira munthu kuti asanene kapena kuchita chilichonse chimene chamubwerera, ndipo ndi mbali imene imavulala kawirikawiri munthu akagwa pa njinga. Bala lake silioneka. Zilonda zapankhope zapola, akuyenda yekha, ndiye aliyense akuti wachira n'kumayembekezera mnyamata wakale uja. Iyeyo akudziwa kuti china chake sichili bwino, akuiwala zimene mwamutuma, phokoso la wailesi likumulasa m'mutu, ndipo akuchita manyazi kunena. Odwala anga ambiri amati chopweteka kwambiri si mutu, koma kuonedwa ngati akunamizira. Akakalipa musalimbane naye, ingomusiyani apume, mudzakambirane mtima utatsika. Mukaona kuti wangoti ndwii masiku ambiri, sakudya, kapena akulankhula zoti kuli bwino kufa, mupite naye kuchipatala, chifukwa matenda okhumudwa amabwera kawirikawiri pambuyo pa kuvulala kotere ndipo ali ndi chithandizo.

Ozonda odwala nawonso muwachepetse. Ndikudziwa kuti kubweza amvano kapena abale ochokera kumudzi n'kovuta, ndipo adzakunenani. Anene ine, muwauze kuti malume ake aletsa. Anthu asanu olankhula nthawi imodzi m'chipinda ndi ntchito yaikulu kwa ubongo umene ukuchira. Abwere awiriawiri, akhale pang'ono, apemphere motsitsa mawu.

Izi sizikutanthauza kuti azingogona m'chipinda chamdima. Kale tinkalangiza zimenezo, koma akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti kupuma kwenikweni kukhale kwa tsiku limodzi kapena awiri oyamba, kenako munthu ayambe kuyenda pang'onopang'ono, n'kumawonjezera malinga ngati mutu sukukulirakulira. Malangizowo analembera ovulala pa masewera, ndipo kuvulala kwa mphwanga kunali kokulirapo, choncho dokotala wake ndiye anene poyambira. Koma kuyenda m'mawa kukazungulira bwalo la sukulu, kugona nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, foni kuiika patali pogona, zimenezi zili ndi umboni woposa wa chitini chimene ndikutumiza. Mowa ayi, ngakhale botolo limodzi la pa ukwati. Umachedwetsa kuchira ndipo ukhoza kuyambitsa khunyu mu ubongo umene uli ndi chipsera. Panado amwe pamene mutu wavutadi. Womwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, miyezi ingapo, amayamba kudwala mutu wobwera ndi mankhwala omwewo. Bufeni ndi asipirini asamwe dokotala asanalole, chifukwa zikhoza kuwonjezera kukha magazi.

Magazi akhoza kumadontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza n'kudzaonekera patapita milungu. Mutu ukamakula tsiku ndi tsiku, akayamba kusanza mobwerezabwereza, kusinza kosadzutsika, kusokoneza mawu, kufooka dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi, kugwa n'kumaphupha, kapena madzi oyera akamatuluka m'mphuno kapena m'khutu, musadikire kuti kuche ndipo musandiimbire kaye ine. Pezani galimoto, mupite kuchipatala, muwauze tsiku limene anagwa, kuti aone ngati akufunika kujambulidwanso m'mutu.

Ndipo njinga. Ndikudziwa kuti mwini wake akufuna ndalama yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo mphwanga akuopa kuti njingayo ipatsidwa wina. Munthu amene akumva chizungulire akatembenuza khosi, amene akuchedwa kuzindikira chimene waona, sayenera kunyamula mwana wa munthu kumbuyo n'kulowa pakati pa maminibasi. Ubongo ukamenyetsekanso usanapole, kuvulala kwachiwiri kumakhala koipa kuposa koyamba. Mundipatse nambala ya mwini njingayo ndilankhule naye ndekha, ndipo za pakhomo m'miyezi imeneyi tithandizana. M'katundu yemweyo ndaikamo mahelemeti awiri, yake ndi ya wokwera. Bungwe la Cochrane litaphatikiza makafukufuku ambiri mu 2008 linapeza kuti helemeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 69 pa 100, ndi imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100. Koma ikhale pamutu, lamba wake atamangidwa pansi pa chibwano, osati yokolekedwa pa chiwongolero monga ambiri amachitira. Yakale ija, ngati inamenyetseka pansi, itayidwe ngakhale ikuoneka yabwino, chifukwa chofewa cha mkati chimateteza kamodzi kokha.

Katunduyu afika ndi mnzanga amene akubwera kumudzi mwezi wamawa. Podikira, gulani kope la sukulu. Madzulo alionse mphwanga azilemba, kapena inu muzimulembera: wagona maola angati, mutu wapweteka bwanji kuyambira 0 mpaka 10, wamwa Panado kapena ayi, wayenda mtunda wotani, wakalipa kapena ayi. Muyambe lero ufa usanafike, chifukwa anthu ambiri ovulala m'mutu amapitabe akupezako bwino m'miyezi yoyamba ngakhale osamwa kanthu, ndipo popanda kopelo tidzayamika chitini pa ntchito imene thupi lagwira lokha. Kopelo mupite nalo tsiku lokaonana ndi dokotala, pamodzi ndi chitinicho chisanatsegulidwe, kuti awerenge yekha zolembedwa pamenepo. Mundiuze tsikulo msanga ndisinthane ndi mnzanga kuntchito, kuti foni ikhale pafupi ngati dokotala angafune kulankhula nane.

Kalatayi mumuwerengere pang'onopang'ono, osati yonse tsiku limodzi. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu.